Lipisitiki ya Difu

Ndinaipeza pochapa, m'thumba la ovolosi ya amuna anga: lipisitiki yofiira, yotha theka. Ine sindinakhalepo nayo.

Ndinapemphera njira yonse, koma mtima unakana kutsika. Kugalaja ndinawapeza atagwadira difu ya lole, bokosi la magiya lozungulitsa matayala akumbuyo. Ndinawaikira lipisitikiyo m'manja.

"Mwandipulumutsa, mayi a ana," anatero. "Ndaifunafuna m'mawa wonse."

Anaipaka pa mano a giya yaikulu, napukusa pinyoni, giya yaing'ono yolumana nayo, pang'onopang'ono kuti aone pamene mano akulumana.

"Ikuluma kunsonga, iyenera kulowa pang'ono. Khalani apa, pamthunzi."

Anandipukutira mpando ndi chipewa chawo, nabwerera kuntchito. Ndinakhala, ndikuona chala chawo chikusisita manowo mofatsa.

Ambuye andikhululukire. Chitsulo anachigulira lipisitiki, ine ayi.