Masamba amene a Hayasaka sananunkhize

Panali bambo wina kwathu kuno ku Yamagata, dzina lake Tomio Hayasaka. Nkhani yake ndinaimva kwa mayi amene ankaphika limodzi ndi akazi awo. A Hayasaka anayang'anira siteshoni ya sitima zaka makumi atatu, ndipo anapuma ntchito ndi khalidwe lawo lomwe lija la pasiteshoni: iwo salakwitsa, olakwitsa ndi ena.

Atapuma, iwo ndi akazi awo, a Fumie, anatsegula kadimba kuseri kwa nyumba. Loweruka lililonse a Fumie ankaphika mongodzipereka ku holo ya m'dera, kumene ana a makolo oweruka mochedwa amadya ulere. Bambowo ankapereka ndiwo za m'dimba, makamaka nira, masamba aatali aja onunkhira ngati adyo. Ana ankawaitana kuti agogo a nira, ndipo dzinali linkawakomera kuposa udindo wa kusiteshoni.

Mfuko zitayamba kufukula m'dimbamo, mnzawo wina anawauza kuti maluwa a suiseni amazithamangitsa. A Hayasaka anawadzala m'mphepete mwenimweni mwa bedi la nira.

"Bambo, awa kadzaleni kugeti," anatero a Fumie. "Duwa likayoyoka masamba ake amafanana ndi nira, ndipo ndi poizoni. Chaka chilichonse amalengeza pa wailesi."

"Amalengezera anthu opanda mphuno. Nira amanunkhira adyo, suiseni alibe fungo. Ine ndingasokoneze zimenezo?"

"Chabwino, bwana wa siteshoni. Koma muzinunkhiza."

Mu Januwale a Hayasaka anadwala chimfine chachikulu. Anachira, koma mphuno yawo sinamvenso fungo. Sanauze munthu, ngakhale mkazi amene anakhala naye zaka makumi anayi ndi zinayi. Ankaopa kuti akaulula awaletsa kuthyola ndiwo za ana, ndiye atsala ndi chiyani? Ankafika poyamikira fungo la supu limene sakulimva n'komwe.

Loweruka lina mu Epulo, maluwa aja atayoyoka, a Fumie anatsogola kukaphika mpunga. Tsikulo ana ankayenera kudya giyoza, timitanda ta ufa tokutira nyama ndi nira. Anasiyira amuna awo ntchito yothyola masamba, kuwadula ndi kuwasakaniza ndi nyama ya nkhumba. Bambowo anamweta bedi lonse mpaka m'mphepete, n'kuthira adyo wambiri monga mwa nthawi zonse. Adyoyo ndi amene anabisa zonse.

Atafika ndi beseni ku holo, a Fumie anafunsa, "Mwanunkhiza, bambo?"

"Ndanunkhiza. Mukufuna ndidindepo chidindo?"

Amayi ena anaseka, a Fumie nawo anaseka.

Gulu la ophikawo linali ndi lamulo lakuti wophika mmodzi azilawa chakudya kutatsala theka la ola kuti ana adye. Tsikulo inali nthawi ya a Fumie, ndipo anadya giyoza zisanu. Pasanathe mphindi makumi awiri nkhope yawo inasintha. Anathamangira kuchimbudzi akusanza, chizungulire chinawagwira pa sitepe, n'kugwa chagada. Anathyoka fupa la m'chiuno. Pakhomo ana makumi awiri ndi atatu anali atayamba kale kuvula nsapato.

Mkulu wa gululo, mayi Oikawa, anatseka khomo la kukhitchini kuti chakudyacho chisafike kwa ana, n'kuimbira ambulansi. Ali chigwirire foni anatembenukira kwa a Hayasaka.

"Achipatala akufunsa chimene mayiwa adya. M'besenimo munaikamo chiyani?"

"Nira. Mwina nyamayo ndi imene inali yowonongeka."

"Nyama ndagula ndine m'mawa uno. A Hayasaka, taonani akazi anu pansipo. Nenani tsopano."

Bambowo anayang'ana a Fumie, amene anali akubuula, thukuta lili kamukamu. Kenako anaulula.

"Pafupi ndi nira pali suiseni. Ine sindimva fungo chiyambire Januwale."

A Fumie anamva. Anangotsinzina.

Moyo wawo unapulumuka, koma anakhala m'chipatala miyezi itatu, ndipo lero amayenda ndi chogwirira. Kuima pa chitofu sangathenso, moti kuphikira ana kumene ankakukonda kunathera pomwepo. Gulu lija linasiya kulandira ndiwo za m'madimba a anthu, ndiye okalamba ena amene ankalimira anawo anapsa nawo mosalakwa. A Hayasaka anayenda khomo ndi khomo kwa makolo onse, kugwada mpaka chipumi kugunda pansi. Atabwerera anazula suiseni yense, ndi nira yemwe.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. A Fumie sanawakalipire amuna awo ngakhale kamodzi. Amawayankha mwaulemu ngati kale. Tsopano wophika pakhomopo ndi bambowo, ndipo amayesetsa ndithu. Koma mayi wondifotokozera nkhaniyi uja anandiuza zimene anaona atapita kukawazonda. A Hayasaka anabweretsa tiyi n'kunena kuti, "Mayi, imwani akadali wotentha." A Fumie anathokoza, analandira ndi manja awiri, kenako anakweza kapu n'kuyamba anunkhiza kaye, amuna awo ali chiimire pomwepo.

Phunziro: Amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nthawi zina nkhwangwayo imagwera amene amatikhulupirira. Kukalamba si mlandu. Maso, makutu kapena mphuno zikayamba kufooka, uzani amene mumakhala nawo, chifukwa fupa limalumikizika koma chikhulupiriro n'chovuta. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho tumizani nkhaniyi kwa makolo anu ndi onse amene ali ndi kadimba pakhomo.