Mwala Woyamba wa Damu

Padangokhala, chaka china mtsinje wa Nkhande unaphwa mpaka achule kumadumpha pa fumbi. Nyama zonse zinagwirizana zomanga damu kuti mvula ikagwa, madzi asazithawenso. Chisangalalo chake! Ng'oma zinalira, Nyani anavina mpaka mchira kuwawa.

Koma atamva kuti mwala woyamba aika ndi Mvuu, Nyani analumpha.

"Iyayi, mayi Mvuu! Nzeru ya damu inatuluka m'mutu muno. Mwala woyamba ndiika ndine!"

"Inu a Nyani, madzi mumawadziwira pakumwa basi," anatero Mvuu. "Ine ndimagonamo."

Anapangana kuti wobweretsa mwala waukulu ndiye aike. Nyani anathamangira kuphiri, nagubuduza chimwala, thukuta lili kamukamu. Mvuu anakankha ndi mphuno china choposa pamenepo. Nyani sanagonje, liwiro kuphiri! Nyama zinataya makasu n'kumaonerera mpikisano, nthungululu zili pakamwa. Kukacha, kuyerekeza miyala. Kukada, gule. Khoma osayambika.

Kenaka mitambo inada bii, mvula inakhuthuka. Mtsinje unasefukira, madzi n'kudutsa pakati pa miyalayo, osatsazika n'komwe.

Chilimwe chitabweranso, Nyani anakhala pamwamba pa chimwala chake, kukhosi kuli gwa. Mvuu anafika akudzikoka, khungu litang'aluka ndi dzuwa. Anauzungulira mwalawo, nagwedeza mutu.

"Mwapambana, a Nyani. Wanuwu ndiye waukuludi. Taufinyani tsono, timwe."