Muchilitseni Mphunzitsiyo

"Chaka cha mawa? Ba Nyirenda, siningayembekeze mpaka chaka cha mawa," anatero Whiteson Zimba.

Hillary Nyirenda, yemwe ankakonza nkhani panyuzipepala ina ku Lusaka ntchito isanamuthere, anangopitiriza kutembenuza mapepala odzaza inki yofiira. Whiteson, mphunzitsi wa ku Mwase, anamupatsa ganyu yokonza buku lake la nthano yopeka, ndipo lero anamulondola kukachipinda kake kuseri kwa msika wa Lundazi.

Whiteson sanamuuze Hillary kuti kuchipatala anamubweza kunyumba, ati palibenso chomwe angachite. Jekete lalikulu ndilo linkabisa nthiti zake.

"Buku safulumila nalo, adada," anatero Hillary. "Koyambilila kuli bwino. Vuto ni kothela."

"Konzani imwe! Nikugwadileni? Nifuna chabe ana anga aligwile m'manja."

"Mvelani. Mphunzitsi wa m'buku mwanuyu adwala, aonda, basi afa. Owelenga amukonda kale, imwe mungomupha? Anthu atopa na malilo, mudzi ulionse. Muchilitseni."

Whiteson anatsokomola nthawi yaitali atayang'ana kukhoma.

"Nimuchilitse bwanji? Madokotala amulephela."

Hillary anaseka, akumubwezera mtolo wa mapepalawo.

"Madokotalawo munawapanga ndimwe. Mukafuna akhale moyo, azakhala. Kaganizeni mofatsa, tikaonane mvula ikatha."

"Yewo," anathokoza Whiteson.

Anapanira mapepala m'khwapa natuluka pang'onopang'ono, akugwira khoma. Panja, mitambo ya mvula yoyamba inali itangoyamba kusonkhana.