Bedi la Tsiku Limodzi

"Mukuti amagona m'chipinda chino?" anafunsa Hazel, mayi wochokera kubungwe lopereka nyumba zotchipa kwa asilikali akale olumala.

"Momwemuno," anayankha Atuweni, maso ali pacholembera cha mlendoyo.

Chilowereni mzunguyu, Atuweni sanamukhulupirire. Munthu wodzathandiza amasuzumira m'makabati? Ameneyu ndi kazitape basi, watumidwa kudzaona mmene Amalawi a ku Wigston kuno ku Britain amazunzira abale awo.

Zoona zake zinali zakuti msuweni wake Sosten, amene anaduka mwendo ku Afghanistan ali msilikali wa Britain, anali atagona miyezi isanu ndi iwiri m'galaja, pakati pa njinga ndi zitini za penti. Koma kwawo mlendo sumuonetsa umphawi wako. M'mawa umenewo Atuweni anabisa matiresi, n'kusamutsira Sosten kuchipinda cha ana ake, n'kuyala zofunda zatsopano, mpaka maluwa pawindo.

"Bambo Sosten, n'zoona zimenezi?" anafunsa Hazel.

Sosten anayang'ana msuweni wake, munthu amene anamudyetsa miyezi yonseyi. Akanamuyalutsa bwanji pamaso pa mlendo?

"Achemwali amandisunga bwino kwambiri," anatero.

Nkhope ya Hazel inamasuka koyamba.

"Mundikhululukire mayi, ndinabwera ndikukukayikirani. Koma lamulo lathu limati nyumba ndi za asilikali osowa pogona okhaokha. Awa pogona ali napo. Nyumba ya ku Belgrave imene tikanawapatsa, tipatsa wina."

Atuweni anaperekeza mlendo mpaka pageti, monga mwa mwambo. Pobwerera anapeza Sosten, ndodo kukhwapa, akukokera matiresi ake kugalaja. Ana anali pafupi kuweruka kusukulu.