Madontho pa Nkhope ya Amayi

Tsiku limene ndinkanyamuka kupita ku Joni, kalekale, ndinalonjeza amayi kuti nkhope yawo sidzapakidwa madontho ine ndili moyo.

Nthawi imeneyo za madonthozi tinkangozimvera kutali, koma nditabwerera ndinapeza kuti kwathu ngakhale maliro si athunso. Munthu akatsirizika, kampani yopanga magemu a pakompyuta imafika ndi makamera. Amapaka timadontho toyera pankhope za anamfedwa kuti makina azitsata mmene milomo ndi zikope zikunjenjemerera. Kulirako amakakuika pankhope ya mfumukazi ya m'gemu, m'kafilimu kamene kamaoneka wosewera akamaliza nkhondo. Akuti a zisudzo salira bwino. Banja likakana, amalanda thupi, ndipo siliikidwa.

Abambo atadwala, mlongo wanga Linesi anatchinga mawindo ndi mphasa. Ankayanikabe malaya awo panja kuti anthu aziti ali bwino. Amayi ankaphunzira kulira ataluma chitenje.

"Achimwene, musamayende mutazyolika," anatero Linesi. "Aneba ali ndi maso. Zanu za ku Jonizo kuno ayi."

Abambo anatisiya m'mawa, tikuganiza zowaika mwachinsinsi kudimba. Koma amayi chitenje chinawapulumuka, anakuwa. Galimoto ya kampani inafika thupi lisanazizire.

"Pamwambo wathu mlendo sakhudza mkazi wamasiye," anatero amayi.

"Mwambo timaulemekeza, mayi," anayankha mwaulemu mtsikana wa kamera. "Mwana wanu wamkulu ndi uti?"

Anandipatsa kabotolo ndi kamtengo. Amayi anatseka maso, ine n'kuyamba kuwapaka madontho, kuyambira pachipumi.