Utsi wa Misangu

Lamulo linali limodzi: nyumba iliyonse ifukitse utsi wolingana ndi masamba a mitengo yake. Kamakina ka padenga, kotchedwa Kamphuno, kankanunkhiza, ndipo utsi ukapyola muyezo kankaliza mluzu mpaka moto uzimitsidwe.

Dzinja lonse Esinati anasanduka choseketsa. Mwamuna wake Lufeyo anadzala misangu yokhayokha, mitengo yamakani imene imayoyola masamba mvula ikagwa. Anzawo akuotcha mondokwa, iwo ankakukuta chinangwa chachiwisi.

"Imeneyi ndi mitengo kapena mafupa, asisi?" ankatero Nasiketi wa nyumba yoyandikana nawo, akupukuta phulusa pakamwa.

Koma chilimwe chitafika, mitengo ya malaina ya m'mudzi monse inayoyoka mbee, pamene misangu inaphuka biriwiri! Esinati anasonkha moto pabwalo penipeni, maso ali padenga. Kamphuno kanali zii. Anaponyapo chikuni china. Zii!

"Bambo a kunyumba, thamangani!" anakuwa, uku akuvina mozungulira utsi. "Bweretsani mbatata, mtedza, chilichonse! Ngakhale nsapato zanuzo tiotcha!"

Lufeyo anaseka mpaka kutsamwa.

Posakhalitsa Nasiketi anatulukira, mbatata zaziwisi atazifumbata m'chitenje, nkhope ili pansi. Ana ake anali atatopa ndi zozizira.

"Odi, asisi. Kamalo pang'ono pamakalapo."

"Malo alipo, koma muyambe mwapepesa."

"Pepanitu, asisi."

"Osati kwa ine!" Esinati analoza ndi mlomo.

Nasiketi anagwada patsinde pa msangu, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse, ngati wafika kwa apongozi.