Dzenje la Patsamba Loyamba

"Uyo wafika. Imani bwino," anatero apampando a gulu la amayi opeta nsalu, ataona mtolankhani akutsika panjinga.

Iwo anali atapita kwa mkonzi kanayi konse, kupempha kuti alengeze chionetsero chawo cha Loweruka kuti anthu abwere. Yankho linali lomwelomwelo: "Malo atha, mayi."

Amayiwo anatambasula nsalu zawo, mano onse pamtunda.

"Tasunthani pang'ono, amayi," anatero mtolankhaniyo. "Mukutchinga dzenje."

Anagwada, najambula dzenje la pamsewu katatu, n'kumapita.

Loweruka m'holo munali mipando yokhayokha. Apampando anatambasula nyuzipepala, napeza dzenje lija litadzaza tsamba loyamba.

"Musadandaule anzanga, tatulukamo," anatero, akuloza pakona pa chithunzicho. "Chala chakuphazi ichi ndi changa."